Kuyeza Maonekedwe a Tindodo ta Golide ndi Kuwala kwa Laser: Zolemba za Momwe Ntchito Ikuyendera

Zolemba izi ndi za ntchito yomanga chipangizo choyezera kutalika ndi kunenepa kwa tindodo ta golide tili m'madzi momwemo, popanda kutiumitsa kaye n'kutiika mu maikulosikopu ya TEM, yomwe imaona ndi ma electron m'malo mwa kuwala. Tindodoti timayezedwa m'ma nanomita (nm), ndipo nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita. Ndalemba zimene tinagula, ndalama zimene zinapita ndi zimene zinativuta pa gawo lililonse, kuti amene akufuna kumanga chipangizo chotere m'labotale ya ndalama zochepa adziwiretu pamene pali zokhoma. Mitengo yonse ili m'madola a ku America ndipo ndi yongoyandikira.

5 Febuluwale 2024: makina akuti muli tinthu ta mitundu iwiri

Tindodo tathu tinatipanga motsatira njira imene Nikoobakht ndi El-Sayed anafalitsa mu 2003, yomwe imayamba ndi timbewu ta golide tating'ono kwambiri, kenako timbewuto timakulira m'madzi okhala ndi mchere wa golide, sopo wotchedwa CTAB, silver nitrate pang'ono ndi ascorbic acid. Titayeza mmene madziwo akumezera kuwala, tinapeza nsonga ziwiri, kutanthauza utali wa funde la kuwala pomwe madziwo akumeza kwambiri, ina pa 520 nm ndi ina pafupi ndi 700 nm, zomwe ndi chizindikiro chodziwika cha tindodo totalika pafupifupi katatu kuyerekeza ndi kunenepa kwake.

Vuto linabuka pamene tinaika madzi omwewo m'makina a DLS a m'labotale yathu, omwe amayeza kukula kwa tinthu poona mmene kuwala kwa laser komwazika kukuphethira, aja otsekedwa m'bokosi amene amaona kuwala kobwerera pa madigiri 173. Makinawo anatiuza kuti muli tinthu ta 36 nm ndi tina ta pafupifupi 3 nm. Mnzanga wina anaganiza kuti tating'onoto ndi timbewu tomwe sitinakule, koma tinthu ta 3 nm timamwaza kuwala kochepa kwambiri moti sitikanaoneka chotero pakati pa tindodo. Chimene chikuchitika n'chakuti makinawa amawerenga kuphethira kulikonse kwa kuwala ngati kuyenda kwa kampira m'madzi. Kandodo sikamangoyenda, kamatembenukanso, ndipo pamene kakutembenuka kuwala kwake kumaphethira ngati kalilole amene mwana akumutembenuza padzuwa. Kuphethira kofulumiraku makina amakusandutsa kampira kakang'ono komwe kulibe.

Kuphethira kofulumiraku ndi kumene kuli ndi uthenga wa maonekedwe, choncho tinagwirizana zomanga chipangizo chathu chomwe chidzakuyeze pakokha. Kuwala kwa laser kumadutsa kaye mu polarizer, chosefa chomwe chimalola kuwala kogwedezeka mbali imodzi yokha, n'kulowa kukugwedezeka choimirira, ndipo kutsogolo kwa detector, chida chowerenga kuwala, timaika polarizer ina yolola kuwala kogwedezeka chopingasa kokha. Kampira sikasintha kagwedezekedwe ka kuwala, choncho kumbali imeneyi kamakhala chete, pamene kandodo kamaoneka. Kayezedwe kameneka timakatcha VH, ndipo kakale, komwe ma polarizer onse awiri aimirira, timakatcha VV.

26 Febuluwale 2024: zogula, ndi laser yobiriwira imene sinathandize

Thebulo lachitsulo lokhala ndi mabowo omangirirapo zipangizo linalipo kale. Tinagula malenzi awiri ndi zomangira zake pa madola 250, waya wagalasi wa single-mode wopititsa kuwala ku detector pamodzi ndi kalenzi kake kolowetsera kuwala pa madola 300, pepala la polarizer lodula ndi lumo pa madola 20, ndi kabotolo ka timipira ta polystyrene ta 100 nm toyesera chipangizo pa madola 150. Detector yowerenga ma photon (tizidutswa ta kuwala) amodziamodzi ndi kabokosi kolemba nthawi imene photon iliyonse yafika tinabwereka ku gulu lina la m'nyumba yomweyi. Zimenezi zikakhala zatsopano mtengo wake ndi madola masauzande angapo chilichonse, ndipo amene alibe kobwereka aziyambira pamenepa powerengera ndalama.

Poyembekezera laser yeniyeni tinayesa laser yobiriwira ya 532 nm, ya mtundu wolozera pa bolodi, ya madola 15. Titaiunikira m'madzi a tindodo n'kuika pepala loyera kuseri kwa kabotolo, kadontho ka kuwala sikanakhale kadontho. Kanatupa m'masekondi ochepa n'kukhala mabwalo angapo, ena mkati mwa anzake, ndipo mbali yapamwamba ya mabwalowo inaphwatalala. Golide amameza kwambiri kuwala kwa pafupi ndi 520 nm, madzi a m'njira ya kuwala amatentha n'kuyamba kukhala ngati lenzi, kenako madzi otenthawo amakwera n'kumakoka tindodo. Kuyenda koteroko si kuyenda kwachisawawa kumene tikufuna kuyeza. Tinagula laser yogwiritsidwapo kale ntchito ya helium ndi neon, ya 632.8 nm ndi mphamvu ya 5 mW, pa madola 350. Kuwala kofiiraku kuli pakati pa nsonga ziwiri zija, ndipo mabwalo aja sanaonekenso titachepetsa mphamvu ndi galasi lotchinga kuwala.

18 Malichi 2024: timipira toyesera

Tisanakhudze golide tinafuna kuona ngati chipangizochi chingatiuze zoona pa chinthu chimene tikuchidziwa kale. Kampira ka 100 nm m'madzi a madigiri 25 kamayenda ndi D, muyeso wa kuyenda kwachisawawa, ya pafupifupi 4.9 µm² pa sekondi (1 µm ndi 1,000 nm), ndipo pa ngodya ya madigiri 90 mzere wa correlation uyenera kugwa mkati mwa pafupifupi milisekondi 0.3. Mzerewu umangoyerekeza kuwala kwa panopa ndi kuwala kwa kanthawi kakudza n'kumagwa msanga tinthu tikamayenda mofulumira, ndipo tinauwerengera pa kompyuta ndi pulogalamu ya Python yotsatira njira ya multi-tau ya Klaus Schätzel.

Mzere unagwa pamalo oyenera, koma mchira wake sunafike pansi. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba chinali laser yeniyeniyo: chubu chake ndi cha mtundu umene kagwedezekedwe ka kuwala sikokhazikika, ndiye pamene chikutentha n'kumatalika pang'onopang'ono, kuwala kodutsa polarizer kumakwera n'kutsika. Wogulitsa sanalembe zimenezi, ndipo amene akugula laser yakale afunse ngati ili linearly polarized asanapereke ndalama. Ife tinangoyamba kuiyatsa m'mawa n'kuisiya kupitirira ola tisanayambe kuyeza, komanso tinaiphimba ndi katoni kuti mphepo ya pawindo isaifikire.

Chachiwiri chinali fumbi. Pa tinthu tating'ono kuposa utali wa funde la kuwala, kukula kukawirikiza kakhumi kuwala komwazika kumawirikiza miliyoni, motero kachidutswa kamodzi ka fumbi kakadutsa m'njira ya laser kamaphimba zonse. Mukazimitsa magetsi n'kuyang'ana kabotolo cham'mbali, madzi abwino amaonetsa kamzere kofiira kosalala, pamene akuda amaonetsa timadontho towala tikuyandama. Tinagula mafyuluta a jakisoni a 0.2 µm pa madola 80, n'kumatsuka kabotolo kangapo ndi madzi osefedwa, kukaumitsa kali chozondoka, ndi kukatseka msanga tikathira madzi. Pulogalamu tinaisinthanso kuti iziyeza m'zigawo za masekondi khumi n'kumataya chigawo chilichonse chimene kuwala kwalumpha modzidzimutsa.

Zitatha izi yankho linabwera 114 nm. Pulogalamu inkawerengera ngati madzi ali pa madigiri 25, pamene chipinda chinali pa 20. Viscosity ya madzi, kutanthauza mmene amakanira chinthu choyenda mkati mwake, ndi 0.89 mPa·s pa madigiri 25 koma 1.00 pa madigiri 20. Titaika choyezera kutentha pafupi ndi kabotolo n'kulowetsa nambala yolondola, yankho linafika pa 101 nm.

15 Epulo 2024: kuwala kukudutsa pomwe sikuyenera kudutsa

Tinatembenuza polarizer yachiwiri kuti ikhale chopingasa, timipira ta polystyrene tikadali m'kabotolo. Tinkayembekezera mdima, koma detector inawerengabe kuwala kochuluka, ndipo mzere wa correlation unagwa pa nthawi yofanana ndendende ndi ya VV. Kufanana kumeneku ndi umboni wakuti kuwala kwa VV kukudontha n'kulowa mu VH. Ndikulimbikitsa aliyense kuti ayese zimenezi ndi timipira asanaike tindodo, chifukwa ndi tindodo kudontha kotereku kumabisala mkati mwa yankho ndipo simungakuzindikire.

Podontha panali patatu. Kabotolo kapulasitiki kamene tinkagwiritsa ntchito kanali kupotoza kagwedezekedwe ka kuwala, ndipo tinaona zimenezi titakaika kopanda kanthu pakati pa mapepala awiri a polarizer opingasana, chifukwa m'makona mwake munaoneka mitundu ngati ya utawaleza. Tinagula timabotolo tagalasi tozungulira pa madola 60. Madzi analinso ndi timipira tochuluka, ndipo kuwala kukagunda kampira kamodzi n'kukagundanso kena kusanatuluke, kagwedezekedwe kake kamasokonekera. Tinasungunula mpaka madzi anaoneka oyera m'maso. Pomaliza, pepala la polarizer lenilenilo silitchinga mokwanira pa ntchito ngati iyi.

Pamenepa mkulu wa labotale anavomera kuti tigule ma polarizer awiri a Glan-Thompson, opangidwa ndi mwala wa calcite, omwe amalola gawo limodzi lokha mwa magawo pafupifupi 100,000 a kuwala kosafunika. Awiriwo anadya madola 1,200, ndipo ndi chinthu chodula kuposa zonse zimene tinagula. Ine ndikuona kuti umodzi wokha, woikidwa kutsogolo kwa detector, ukanakwanira ngati laser ikanakhala ya kagwedezekedwe kokhazikika, ndiye ndalama zimene tinapulumutsa pogula laser yotchipa zinathera pano. Polarizer yachiwiri tinaikonza poitembenuza pang'onopang'ono pa chomangira chozungulira mpaka kuwala kwa timipira kunatsika kufika pafupi ndi zimene detector imawerenga ikakhala mumdima.

13 Meyi 2024: detector ikudziyankha yokha

Tindodo titalowa, kuwala kwa VH kunabwera kokwanira, ndipo apa golide amathandiza, chifukwa amamwaza kuwala mwamphamvu motsatira utali wake kusiyana ndi mopingasa. Malinga ndi kuwerengera kwathu, mzere unayenera kugwa mkati mwa ma microsecond anayi (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi). Pamalo omwewo pa mzerewo panaoneka phiri lalikulu lomwe linkakwera kwambiri pansi pa microsecond imodzi, ndipo silinachoke ngakhale titachotsa kabotolo n'kuunikira detector ndi kababu wamba.

Uku ndi kumene amati afterpulsing. Detector ya mtundu wa avalanche photodiode ikawerenga photon, nthawi zina imawerenganso kachiwiri patapita kanthawi kochepa popanda kuwala kulikonse, chifukwa ma electron ena amakodwa mkati mwake n'kumasuka mochedwa. Poyeza timipira ta 100 nm vutoli silioneka, chifukwa zochitika zake n'zochedwa kwambiri kuyerekeza ndi nthawi imeneyi. Poyeza kutembenuka kwa tindodo limagwera pakati penipeni pa chimene mukufuna.

Tinayesa kuyeza phirilo ndi babu n'kumalichotsa pa kompyuta, koma kukula kwake kunkasintha ndi kuchuluka kwa kuwala, ndipo yankho linkasuntha malinga ndi pamene tayambira kuwerenga mzere. Njira imene inagwira ndi yodziwika kale: kugawa kuwala pawiri ndi kagawo ka waya wagalasi ka 50:50, komwe tinagula pa madola 250, n'kukutumiza ku ma detector awiri, kenako kuyerekeza zimene woyamba wawerenga ndi zimene wachiwiri wawerenga. Kudziyankha kwa detector imodzi sikugwirizana ndi kwa inzake, motero phiri lija linasowa ndipo mzere unakhala wosalala mpaka pansi pa gawo limodzi mwa magawo khumi a microsecond. Mtengo wake ndi wakuti tinabwereka detector yachiwiri, ndipo nthawi yoyeza inatalika popeza iliyonse ikulandira theka la kuwala.

10 Juni 2024: sopo wauma ndi kuzizira

M'mawa wina tinapeza botolo la tindodo lili ndi zinthu zoyera zonyezimira pansi pake. CTAB ikachuluka m'madzi imauma n'kukhala timiyala kutentha kukatsika pansi pa madigiri pafupifupi 25, ndipo madzi opangira tindodo amakhala ndi CTAB ya 0.1 M, yomwe ndi yambiri. Timiyalati si tozungulira, choncho timamwaza kuwala mu VH mwamphamvu ndipo timawononga muyeso kuposa fumbi. Kuika botolo m'madzi ofunda a madigiri 30 kwa mphindi zingapo kunasungunula zonse.

Kuti vutoli lisabwerenso tinachepetsa sopo pozungulitsa madzi mu centrifuge (makina ozungulitsa mofulumira kuti zolemera zikhale pansi), kutaya a pamwamba, ndi kuthira madzi oyera. Kuchapa kawiri kunayenda bwino. Titachapa kachitatu ndi madzi opanda sopo, tindodo tinagwirana, mtundu unazilala, ndipo golide wakuda anamatirira kukhoma la chubu osasungunukanso. Sopoyu ndi amene amateteza tindodo kuti tisagwirane, ndipo akatha chitetezo chimatha naye. Kuyambira pamenepo timachapa ndi madzi okhala ndi CTAB ya 1 mM (gawo limodzi mwa magawo zana a 0.1 M ija), yomwe ili pafupi ndi mlingo umene sopoyu amayambira kupanga timagulu take.

Kusefa nakonso kunatidyera madzi. Titakankha madzi a tindodo mu fyuluta ya 0.2 µm, anatuluka otumbuluka ndipo fyuluta inasintha mtundu. Tindodo tokutidwa ndi CTAB tili ndi chaji ya positive ndipo tinakakamira pa fyuluta yathu. Tsopano timasefa madzi osungunulira okha, pamene madzi a tindodo timawazungulitsa pang'onopang'ono mu centrifuge kuti fumbi ndi zogwirana zikhale pansi, n'kutunga a pamwamba. Tinapanganso chogwirira kabotolo cha aluminiyamu chokhala ndi chotenthetsera chaching'ono, cha madola 40, choti chizisunga madzi pa madigiri 25.

8 Julayi 2024: ngodya zitatu ndi manambala oyamba

Muyeso wa pa ngodya imodzi sukwanira kusiyanitsa kuyenda ndi kutembenuka. Liwiro la kugwa kwa mzere mu VH ndi D kuchulukitsa ndi q², kuphatikiza Θ kasanu ndi kamodzi, pomwe q imadalira ngodya, ndipo Θ ndi muyeso wa kutembenuka umene sudalira ngodya. Tinaika mutu wa waya wagalasi pa mkono wachitsulo wozungulira pa bawuti yomwe ili pansi penipeni pa kabotolo, n'kuyeza pa madigiri 60, 90 ndi 120. Kabotolo kozungulira kamakhotetsa kuwala, ndipo zipangizo zogula zimathetsa zimenezi pokaviika mu toluene, yomwe imakhotetsa kuwala mofanana ndi galasi. Chipinda chathu chilibe potulutsira mpweya wa mankhwala, choncho tinakaviika m'mbale yagalasi yozungulira yodzaza madzi osefedwa, n'kusamutsira chotenthetsera pansi pa mbaleyo, ndipo ngodya iliyonse tinaitsimikizira ndi timipira ta 100 nm.

Mu VH liwiro linali pakati pa 122,000 ndi 127,000 pa sekondi pa ngodya zonse zitatu, kutanthauza kuti silikusintha kwenikweni ndi ngodya, monga mmene kutembenuka kuyenera kukhalira. Izi zinapereka Θ ya pafupifupi 20,000 pa sekondi. Popeza kutembenuka kukuposa kuyenda kambirimbiri, D yochokera mu VH inali yosadalirika, ndiye tinaitenga ku mbali yochedwa ya mzere wa VV, komwe inabwera 13.6 µm² pa sekondi. Manambala awiriwa tinawalowetsa m'masamu a Tirado ndi García de la Torre a tinthu tooneka ngati chubu, omwe amagwira ntchito kutalika kukaposa kunenepa kawiri, ndipo tinapeza kutalika kwa 51 nm ndi kunenepa kwa 21 nm. Tikawerengera mobwerera, liwiro lomweli pa madigiri 173 limapereka kampira kabodza ka pakati pa 2 ndi 3 nm, ndipo D yathu imapereka kampira ka 36 nm, zomwe ndi zija makina a m'bokosi anatiuza mu Febuluwale.

19 Ogasiti 2024: kuyerekeza ndi TEM

Tinalipira madola 100 kuti tijambulitse tindodo tomweti pa TEM. Titayeza tindodo mazana angapo pa zithunzi, tinapeza kutalika kwa pafupifupi 45 nm ndi kunenepa kwa 15 nm. Kusiyana ndi muyeso wathu ndi 6 nm mbali zonse ziwiri, ndipo kukugwirizana ndi chikuto cha CTAB, chomwe ndi cha mizere iwiri ya sopo yokhuthala pafupifupi 3 nm kuzungulira kandodo konse. TEM imaona golide yekha, pamene kuwala komwazika kumayeza chilichonse chimene chikuyenda limodzi ndi golideyo m'madzi. Choncho kandodo kamene pa chithunzi kakutalika katatu kuyerekeza ndi kunenepa, m'madzi kakuoneka kotalika ka 2.4, ndipo manambala onse awiri ndi oona pa zimene akuyeza.

Kugwirizana kumeneku sindikufuna kuti kukhulupiriridwe mopitirira. Nditasintha D ndi magawo asanu okha pa zana m'masamu aja, Θ n'kuisiya momwemo, chiwerengero cha kutalika pa kunenepa chinachoka pa 2.4 kufika pa 3, ndipo kunenepa kunatsika kuchoka pa 21 kufika pafupi ndi 18 nm. Kutalika kunasuntha pang'ono poyerekeza, chifukwa Θ imadalira kutalika kodzichulukitsa kokha katatu (kutalika × kutalika × kutalika) ndipo imakugwira mwamphamvu. Magawo asanu pa zana si ambiri: kulakwitsa kutentha kwa madzi ndi madigiri awiri kumakwanira. Zithunzi za TEM zinaonetsanso timipira ta golide tosakanikirana ndi tindodo, monga zimachitikira kawirikawiri m'njira imeneyi. Timipirati mu VH sitioneka kwenikweni, koma mu VV timalowa m'chiwerengero cha D, ndiye manambala athu awiri sakuchokera ku gulu limodzi lenileni la tinthu. Pa chifukwa ichi ndimadalira Θ ndi kutalika, pamene kunenepa ndimakulemba ndi chenjezo.

Pomwe chipangizochi chaonetsa phindu ndi pa kulondera kusintha. Titathira mchere wa NaCl pang'ono m'kabotolo, mzere wa VH unayamba kukhala ndi mchira wochedwa m'mphindi zochepa, mtundu wa madzi usanasinthe m'maso, chifukwa tindodo tiwiri tikagwirana timatembenuka mochedwa kwambiri kuposa kamodzi. Zimenezi TEM singationetse mosavuta, popeza poumitsa madzi tindodo timaunjikana ngakhale tinali tomwazikana.

Ndalama zonse zimene zapita mpaka pano ndi madola pafupifupi 2,800, osawerengera ma detector awiri, kabokosi kolemba nthawi ndi thebulo. Chotsatira ndi kuika choyezera kutentha mkati mwa mbale ya madzi momwe m'malo mwa pambali pake, kulekanitsa timipira ndi tindodo mu centrifuge tisanayezenso D, ndi kuwonjezera ngodya za madigiri 45 ndi 135 pa mkono uja, zomwe zifuna kuti tiboole mabowo ena awiri ndi kusuntha chomangira cha laser chomwe panopa chikutchinga njira.